Tambala M'mawa, Nsomba Masana: Missouri Isachotse Lamulo la 1 Koloko

Ku Missouri, chigawo cha pakati pa dziko la America, Lolemba lachitatu la mwezi wa Epulo ndi tsiku limene anthu ambiri amapempheratu tchuthi kuntchito. Ndi tsiku lotsegulira ulenje wa nkhukundembo zam'tchire, ndipo ulenjewo umangokhala wa milungu itatu basi. Ikamakwana 4 koloko m'bandakucha, magalimoto amakhala atandandalika kale m'mbali mwa misewu yafumbi yolowera m'nkhalango ya Mark Twain. Mlenje amene wachedwa ndi kapu ya khofi amapeza pachipata chimene wakhala akuchizonda mwezi wathunthu pataima mapikapu atatu, ena a manambala a zigawo zakutali. Mwambo wa alenje umati ukapeza galimoto ya mnzako, pitirira ukafune pena. Vuto n'lakuti penapo aliponso anthu.

M'milungu yomweyo madzi a m'nyanja za Truman, Stockton, Table Rock ndi Lake of the Ozarks amayamba kufunda chisanu chitatha, ndipo nsomba ya crappie, yamawangamawanga, yophwatalala, ya mnofu woyera, imasendera m'madzi osaya kudzaswana. Imadya nyambo mosanyinyirika. Chaka chonse palibe nthawi ina imene msodzi wamba, wa mbedza imodzi ndi ndowa, angadzaze chiwaya mosavuta chotere. Ndiye munthu mmodzi yemweyo, wa tchuthi cha masiku ochepa, mtima umamugawikana: nkhalango ikuitana, nyanja ikuitananso. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ku Missouri lamulo lakale linamupulumutsa pusiyo. Pamalo a boma, mfuti yosakira nkhukundembo imayamba kulira patatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke ndipo imaleka 1 koloko masana. M'mawa ndi wa tambala wa nkhukundembo, masana ndi a nsomba.

Lamuloli lagwedezeka. Kuyambira mu 2024, dipatimenti yosamalira zachilengedwe ya Missouri Department of Conservation inalola kuti m'minda ndi m'nkhalango za eni ake anthu azisaka mpaka dzuwa kulowa. Pamalo a boma malire a 1 koloko anatsala, ndipo alipo alenje amene akufuna kuti nawonso achoke. Akuluakulu a dipatimentiyi achita bwino akakana.

Owerenga a kuno kwathu angadabwe kaye ndi chinthu chimodzi. Pa nyanja ya Malawi makoka amaletsedwa nthawi imene chambo chikuswana, ndipo pachilumba cha Mbenje ku Salima mafumu amatseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse. Nanga Amereka amasakiranji mbalame pa nthawi yeniyeni imene zikukwerana? Yankho lili m'khalidwe la mbalameyo. Tambala mmodzi amakwera matadzi angapo, ndipo akatero ntchito yake yatha: samanga chisa, sakhalira mazira, salera anapiye. Lamulo limalola kuwombera tambala yekha kapena nkhukundembo imene ili ndi ndevu zooneka pachifuwa, ndipo pafupifupi zonse zandevu ndi atambala. Ku Missouri mlenje wa m'chigawomo amaloledwa atambala awiri pa nyengo yonse, koma m'sabata yoyamba mmodzi yekha.

Kasakidwe kake n'kamene kamachititsa kuti kuchulukana kwa alenje kupweteke kwambiri. Nkhukundembo zimagona m'mitengo. Mlenje amalowa m'tchire kudakali mdima, n'kukaima pachitunda, n'kulira ngati kadzidzi. Tambala amene ali m'mwamba akamva, amayankha mokweza osadziwa kuti wadziulula. Mlenjeyo amanyang'ama kusendera pafupi, amakhala pansi n'kutsamira tsinde la mtengo wonenepa kuposa mapewa ake, mfuti yachifefe ili pabondo, nkhope ataiphimba. Kukayamba kuyera amakhwekhweza kabokosi kamatabwa, kapena kukanda mwala wa sileti ndi kamtengo, kapena kuliza kamphira kamene wakapana m'kamwa, ndipo zonsezi zimatulutsa mawu a thadzi. Mwachibadwa thadzi ndi limene limapita kwa tambala, choncho mlenje akuyesa kutembenuza chilengedwe. Mwina tambala abwera akufufuma, mapiko akukwekwereza pansi, mpaka afike mamita 30 kapena 35. Mwina aima patali n'kumangolira ola lathunthu. Maso ake ndi akuthwa moti kungosuntha dzanja kuti uphe udzudzu, wapita.

Ulenje wotere umafuna bata komanso malo aakulu. Kulira kwa tambala kumamveka kutali, ndiye tambala mmodzi akalira, amuna anayi ochokera m'zipata zinayi amalunjika kumtengo umodzi. Wina amamva "thadzi" likulira kuseri kwa chitsamba n'kuyamba kulinyang'amira, osadziwa kuti ndi munthu mnzake amene wavala zamawangamawanga kuyambira kumutu mpaka kuphazi. N'chifukwa chake alangizi a chitetezo amaletsa kunyang'amira mawu, ndipo amaletsa kuvala chilichonse chofiira, choyera kapena chabuluu, ngakhale mpango wopukutira thukuta, pakuti imeneyo ndi mitundu ya mutu wa tambala.

Khamu lonseli labwera chifukwa ntchito yobwezeretsa mbalameyi inayenda bwino kuposa mmene aliyense ankaganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Missouri yense anatsala ndi nkhukundembo zosakwana 2,500, zitabisala m'mapiri a Ozark. Kuweta za m'khola n'kuzitaya m'tchire kunalephereka. Chimene chinathandiza ndi ukonde woponyedwa ndi timizinga, umene unkagwira gulu lonse la mbalame zam'tchire likudya nyambo. Kuyambira mu 1954 mpaka 1979 mbalame zoposa 2,600 zinasamutsidwira m'madera amene zinali zitatha. Mu 1960 ulenje unatsegulidwanso kwa masiku atatu ndipo anapha 94 zokha. Mu 2004 anapha zoposa 60,000. Missouri anafika pogawirako anzake: nkhukundembo za ku Wisconsin lero ndi zidzukulu za zimene zinachokera ku Missouri kuyambira mu 1976, posinthana ndi mbalame zina zam'tchire zotchedwa ruffed grouse.

Chiwerengero chija sichinakhalitse pamwamba. Mu 2021 alenje a ku Missouri anapha zosakwana 35,000, ndipo ngakhale kuti mu 2024 zinadutsanso 47,000, akatswiri sanasiye kudandaula ndi kuchepa kwa anapiye. Thadzi limaikira mazira 10 mpaka 12 pansi, limakhalira masiku 28, ndipo anapiye amatha milungu iwiri asanathe kuulukira mumtengo. M'masiku amenewo tinyama ngati raccoon, njoka, mvula yozizira ndiponso kusowa kwa udzu wobisalamo zimawamaliza. Palinso zimene zakokera alenje kutchire. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka maofesi ndi mabwalo a masewera, anthu n'kukhamukira kutchire. Pulogalamu ya pafoni ya onX Hunt imaonetsa malire a malo a boma ndi tinjira tonse tolowera, ndiye chinsinsi chimene agogo ankangouza mdzukulu wawo lero chili m'thumba mwa aliyense. Matchanelo a pa YouTube, monga The Hunting Public, aphunzitsa achinyamata kuti ukhoza kugona m'galimoto n'kumasaka chigawo ndi chigawo. Palinso ena amene cholinga chawo n'kupha tambala m'zigawo zonse 49 zimene muli mbalameyi, kupatula Alaska yekha.

Boma lalikulu la America lili ndi malo okwana maekala pafupifupi 640 miliyoni, koma ochuluka ali kumadzulo, kutali ndi kumene nkhukundembo zachuluka. Ku Missouri malo opitirira magawo 90 pa 100 ali m'manja mwa eni ake. Wopanda munda kapena wachibale wa munda amadalira maekala pafupifupi 1.5 miliyoni a nkhalango ya Mark Twain ndi enanso pafupifupi miliyoni imodzi amene dipatimenti ija imayang'anira.

Zigawo zina zathana ndi khamuli pochepetsa anthu kapena mbalame. Georgia mu 2022 inatsitsa malire kuchoka pa atambala atatu kufika pa awiri, ndipo malo a boma anayamba kutsegulidwa mochedwerapo kuposa a eni ake. Tennessee mu 2023 inachedwetsa tsiku lotsegulira ndi milungu iwiri. Nebraska chaka chomwecho inaika malire a ziphaso 10,000 za alendo. Mississippi ndi Kansas zinayambitsa maere kwa alenje ochokera kunja kwa chigawo. Wisconsin imadula nyengo yake m'zidutswa zisanu ndi chimodzi za sabata imodzi imodzi, ndipo maere ndi amene amakuuza sabata yako. Njira zonsezi zili ndi nzeru zake, makamaka kuchedwetsa tsiku lotsegulira, pakuti ofufuza monga Michael Chamberlain wa ku University of Georgia akhala akuchenjeza za kupha atambala amphamvu matadzi asanayambe kuikira. Komabe iliyonse mwa njirazi imasiya munthu wina kunyumba, kapena imamulanda masiku.

Lamulo la 1 koloko silibweza munthu pachipata ndipo silifuna ndalama yowonjezera. Wolemera ndi wosauka, mwini dera ndi mlendo, onse amatuluka ola limodzi. Chimene limagawa ndi tsiku.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka, ndipo n'kulakwa kuzinyoza. Amati wantchito amene amaweruka 5 koloko ndi mwana wasukulu amangotsala ndi Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene nkhalango imadzaza kwambiri. Amatinso zigawo zambiri zimalola kusaka tsiku lonse ndipo kuchepa kwa mbalame kwagwera onse, a tsiku lonse ndi a theka la tsiku omwe. Pamenepa sakunama. Aliyense amene anganene kuti lamuloli ndi limene lidzachulukitse anapiye akukokomeza. Anapiye amafuna udzu, zitsamba ndi tizilombo todya, osati wotchi. Kunena za ana, iwo ali ndi masiku awo awiri nyengo isanatsegulidwe, ndipo pa masikuwo amasaka mpaka dzuwa kulowa.

Koma funso lenileni pamalo a boma ndi lakuti nkhalangoyo ndi ya yani. Alenje amanyadira, ndipo m'pake, kuti lamulo la Pittman-Robertson la mu 1937 limadula msonkho wa 11 peresenti pa mfuti zazitali ndi zipolopolo, ndalama zake n'kupita kosamalira nyama. Asodzi nawo ali ndi lawo la Dingell-Johnson la mu 1950, lokhometsa msonkho pa zipangizo zowedzera. Ku Missouri kuli chinanso. Mu 1976 anthu anavota kuti pa dola iliyonse yogulira katundu pazichotsedwa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a senti, lopita ku dipatimenti yomweyi. Mayi amene sanagwirepo mfuti chibadwire amalipira akamagula sopo. Mayi yemweyo mu Epulo amafuna kulowa m'nkhalango ndi dengu kukazula bowa wa morel, amene amamera milungu yochepa yomweyi, ndipo amayenda chowerama m'zitsamba, pamalo enieni amene munthu wobisala ndi mfuti akudikira chinachake chisunthe. Palinso oonera mbalame zosamuka, opalasa mabwato mumtsinje wa Current, ndi mabanja ongoyenda. Kuwasiyira masana si chifundo. Ndi gawo lawo limene analipira.

Ngakhale mlenje weniweniyo amapindula. Tambala amene waitanidwa ndi anthu kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku, amaphunzira kutseka pakamwa, ndipo alenje a pamalo a boma amadziwa mmene nkhalango imakhalira zii sabata yoyamba ikatha. Kusaka kwa madzulo kumakokeranso anthu kumitengo imene mbalame zimagona. Ukazibalalitsa pamenepo, amene adzalawire mawa adzapeza nthambi zopanda kanthu. Masana opanda mfuti amapatsa mbalame mpata wobwerera m'khalidwe lake, ndipo thadzi limene lachoka pachisa kukadya limabwerera popanda wolidzidzimutsa.

Izi sizikutanthauza kuti nyanja ingalandire khamu lonse popanda malire. Madoko otsitsira maboti amadzazanso, ndipo makina oonera pansi pa madzi, monga LiveScope imene kampani ya Garmin inatulutsa mu 2018, amaonetsa nsomba ikusambira mpaka msodzi amaigwetsera nyambo pamphuno. Ku Mississippi akuluakulu anatsitsa malire a crappie m'nyanja za Grenada, Enid, Sardis ndi Arkabutla kuchoka pa 15 kufika pa 10 patsiku mu 2024. M'nyanja zinayi za ku Missouri zija malire ndi 15, ndipo zazing'ono zimabwezedwa m'madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti maboti khumi akhoza kuwedza m'gombe limodzi aliyense n'kupita ndi ndiwo, pamene alenje awiri pa tambala mmodzi nthawi zambiri onse amabwerera chimanjamanja, ndipo tsoka likagwa wina amathera kuchipatala.

Mfundo za usodzi ndi ulenje ku Missouri zimavomerezedwa ndi makomishonala anayi a Conservation Commission, osankhidwa ndi bwanamkubwa. Ngati khamu lipitirire kukula, ali ndi zida zina: angachepetse ziphaso za alendo m'sabata yoyamba, angaike maere m'malo ochepa amene amadzaza kwambiri, ndipo koposa zonse angawonjezere ndalama zootchera tchire mwadongosolo ndi kupatulira mitengo kuti udzu wa anapiye umere. Kuwonjezera maola a mfuti pamalo amene athina kale si imodzi mwa zidazo. Eni minda apatsidwa madzulo awo, ndipo ndi minda yawo. M'nkhalango za anthu onse, lamulo la 1 koloko likhale mmene lilili.