NYUMBA IMENE YASOWA WOGULA

Munthu wopatuka mu mseu waukulu wa Great East kulowera ku boma la Petauke, akayenda pang'ono m'makomboni, sadzalephera kuona nyumba zolembedwa pakhoma kuti zili pa malonda. Pa zina malembawo ayamba kufufutika cifukwa mvula ya nyengo ziwiri yawakwapula. Imodzi mwa nyumba zotere ndi ya mphunzitsi wina wopuma pa nchito, amene anaphunzitsa ana m'dziko la Ansenga zaka zoposa 30. Ndi ya zipinda zogona zinai, ya njerwa zoocha, yofolera ndi malata, ndipo ili ndi magetsi ndi madzi a pa pompi. Mkuluyo anaimanga ndi ndalama zake za penshoni, poganiza kuti adzakalambira momwemo. Tsopano mkazi wake wagwidwa ndi matenda ofuna kuonana ndi madokotala a ku Lusaka mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo wa pa basi wa makilomita pafupifupi 400 wamutopetsa. Ana ao ali ku Lusaka konko, ndipo anauza makolo ao kuti agulitse nyumbayo asamukire pafupi. Koma wogula sakuoneka.

Obwera kudzaiona amabwera ndithu. Amazungulira bwalo, amagogoda zipupa, amayamikira mitengo ya mango imene mkuluyo anabzala, ndipo akamva mtengo amangoti adzaimba foni mawa. Mawa lakelo silifika. Mtengo umene mwini nyumba anachula sanaulote ai. Ali ndi kabuku kamene analembamo thumba lililonse la simenti, lata lililonse, mitengo ya denga, malipiro a omanga ndi a ngolo zotuta mcenga, ndipo anaonkhetsa zonsezi naonjezapo pang'ono cifukwa ca kukwera kwa zinthu. Pa masamu sanalakwe, pakuti masamuwo ndiwo anali kuphunzitsa. Cimene sanawerengere ndi cakuti wogula alibe nako kanthu kabukuko. Wogula amayang'ana m'thumba mwake, ndipo m'maboma a Petauke ndi Nyimba thumba la munthu limadzazidwa ndi munda.

Nkoyenera tsono kuyeza mtengo wa nyumba ndi muyeso wa mlimi. M'caka ca 2025 bungwe la Food Reserve Agency linali kugula cimanga pa K340 thumba la makilogalamu 50. Nyumba yochulidwa K340,000 ndiye kuti ndi matumba 1,000, ndiwo matani 50, katundu wosakwana m'lole imodzi yaikulu ya matani 30. Ndi alimi angati a kwa Kalindawalo, kwa Mumbi kapena kwa Nyamphande amene angatulutse matumba otere pa caka cimodzi, atacotsapo cakudya ca banja, feteleza ndi nkhongole? Alipo, koma ndi owerengeka, ndipo akapeza ndalama amayamba aganizira ng'ombe, cigayo kapena galimoto yotutira mbeu, zinthu zimene zimabweza ndalama.

Pamwamba pa izi panagwa cilala ca nyengo ya 2023 ndi 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda, madzi anacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo zigayo ndi oocherera zitsulo anaima. Wamalonda wa pa boma amadya pamene mlimi wagulitsa. Mlimi akalira, golosale nayo imalira. Zokolola za 2025 zinali zabwino, koma ndalama yoyamba inapita kukabweza nkhongole ndi kugulanso ziweto zimene zinagulitsidwa pa njala. Nyumba ya mphunzitsi uja inaikidwa pa malonda pakati pa nyengo yomweyo. Ndipo ngakhale m'caka cabwino, malonda a nyumba ali ndi miyezi yake monga nshawa ndi thonje. Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndalama zonse zili m'munda, ndipo wofunsa mtengo mu Januwale kawirikawiri angofuna kudziwa ngati mwini nyumba wapanikizika. Ogula enieni amaoneka kuyambira Julaye mpaka Okutobala.

Wogulitsa nyumba ali ndi mdani winanso, ndiye cikombole ca njerwa. Ku Lusaka malo ndi osowa, ndipo munthu amagula nyumba cifukwa ca pamene yaima. Ku Petauke ndi ku Nyimba malo akalipo, dothi la pa culu lilipo, ndipo munthu wa ndalama zocepa amapeza poloti, naumba njerwa m'cilimwe, naziocha, nakhoma malata caka camawa, nalowa m'zipinda ziwiri pamene zina zikali kudikira. Samva kuwawa cifukwa alipira pang'onopang'ono. Pamene lamulo la 2023 linalola anchito kutapako 20 pa 100 ya ndalama zao za ku NAPSA asanapume, kwa ambiri ndalamazo zinakwana poloti ndi matumba a simenti, osati nyumba yathunthu. Kukongola ku banki nako ndi kowawa. Mu 2024 ciwongola dzanja ca m'mabanki cinali kupitirira 25 pa 100 pa caka, ndipo wokongoza aliyense, ngakhale Zambia National Building Society imene nchito yake ndi ya nyumba, amayamba wafunsa cikalata ca umwini, cimene anthu amangoti taitolo.

Anchito a Boma, amene amalandira mwezi ndi mwezi, ndiwo akadakhala ogula. Koma mphunzitsi, namwino kapena wapolisi adziwa kuti kalata yomusamutsa ingafike tsiku lililonse, ndipo mtima wake uli kwao ku Katete, ku Lundazi kapena ku Kitwe, kumene akumanga yake. Iye afuna ya renti. Kuyambira 1996, pamene Boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo ndi za Boma kwa amene anali kukhalamo, nyumba za nchito zinacepa m'maboma, ndipo mu 2022 Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000 m'dziko lonse. Acinyamata amenewa amafunafuna zipinda ziwiri zokhala ndi magetsi. Ya zipinda zinai ndi bwalo lalikulu imawakulira.

Makilomita pafupifupi 70 kulowera ku Lusaka, ku Nyimba kumene mabasi amaima kuti apaulendo agule nthoci, bvuto ndi lina. Mai wina wamasiye ali ndi nyumba pafupi ndi mseu waukulu, pamalo oti munthu angatsegule sitolo kapena nyumba ya alendo. Iye wogula anampeza, wamalonda wa ku Lusaka, ndipo anamvana mtengo. Malondawo anafera pa mapepala. Nyumbayo inamangidwa pa malo a mfumu, amene malemu mwamuna wake anapatsidwa ndi nyakwawa pamaso pa mboni, popanda colembedwa ciliconse. Wamalondayo atafunsa taitolo, maiyo anatulutsa malisiti a malata.

Apa mpofunika kukumbutsa za malamulo a malo. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda anathetsa umwini wamuyaya wa malo. Onse amene anali nao anasanduka obwereka kwa zaka 100, ndipo nthaka yopanda kanthu inalibe mtengo. Cogulitsa cinali cokhaco cimene munthu wamangapo kapena kubzalapo. Lamulo la Malo la 1995 linabwezera nthaka mtengo wake, koma linasunga mitundu iwiri ya malo. Pali malo a Boma, amene munthu amapatsidwa kwa zaka zosapitirira 99 ndi cikalata cocokera kwa Commissioner of Lands, ndipo pali malo a mafumu, amene ndiwo oculuka kwa Ndake, kwa Luembe, kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape. Malo a mafumu sasanduka a taitolo popanda cilolezo ca mfumu, cibvomerezo ca khonsolo, kuyezedwa ndi oyeza malo ndi kusaina kwa a ku Unduna wa za Malo, ndipo ulendo umenewu umadya miyezi ndi ndalama. Mafumu safulumira kubvomera, ndipo cifukwa cao ndi comveka: malo akalowa m'taitolo amakhala acoka m'manja mwa mudzi.

Kuonjezera apo, kwa Ansenga mtundu umatsata kwa mai, ndipo abale a malemu anali ndi mau ao pa nyumbayo. Lamulo la 1989 la cuma ca womwalira wosasiya wilo limapereka nyumba kwa mkazi ndi ana, mkaziyo nakhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso, ndipo woyang'anira cuma saloledwa kuigulitsa popanda cilolezo ca khoti. Koma lamulo lomwelo silikhudza malo a mwambo. Wamalonda uja ataona kuti angalipire kwa maiyo lero, mawa nkutulukira mwana wa mlongo wa malemu ndi mlandu, anabweza ndalama zake m'cikwama nakwera basi. Ndani angamunene? Maiyo wayamba tsopano pamene akadayambira kale, pakuti waitana abale a mbali zonse ziwiri kuti amvane pamaso pa nyakwawa, zomvanazo zilembedwe, ndipo apite nazo kwa mfumu. Kwa Sandwe, bungwe la Petauke District Land Alliance linathandizapo anthu kulemba malire a minda yao ndi kulandira zikalata za mwambo zosainidwa ndi mfumu. Cikalata cotere si taitolo, koma cimaposa kutali malisiti a malata.

Mphunzitsi wa ku Petauke mapepala ali nao, ndipo umenewo ndi mwai wake. Koma taitolo nayo ili ndi zofuna zake. Dzina lisanasinthe pafunika cilolezo ca Boma, renti ya malo ya ku Unduna ndi misonkho ya khonsolo zikhale zolipiridwa, ndipo wogulitsa ndiye amalipira msonkho wosinthira umwini ku Zambia Revenue Authority. Msonkhowo unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 pa 100 mu Januwale 2025. Pa K340,000 ndi K27,200, matumba 80 a cimanga, loya asanalandire zake. Ena amayesa kulemba mtengo wabodza wocepa papepala. A msonkho ali ndi mphamvu yoika mtengo wao, ndipo pepala labodzalo limadzatsutsa wogulitsa yemweyo tsiku limene wogula adzakana kutsiriza kulipira.

Nyumba ikakhalitsa pa malonda imaitana alendo oipa. Amafika anyamata onena kuti adziwa wogula wa ku Lusaka, napempha ya mafuta ndi ya foni asanabweretse munthu, pamene wogulitsira ena nyumba mwalamulo ayenera kukhala wolembetsa ku Zambia Institute of Estate Agents. Oopsa koposa ndi a kaloba. Iwo amadikira tsiku limene wodwala wagonekedwa, nabwereketsa ndalama zocepa, natenga taitolo, ndipo nthawi zina amasainitsa pepala la malonda m'malo mwa la nkhongole. Nyumba imene mwini wake anakana kutsitsako pang'ono imapita motero pa mtengo wa ng'ombe ziwiri.

Mkuluyo anawakana onsewa. Ana ake anatumiza ndalama zotsekera khomo la pakati ndi kubowola lina kumbuyo, ndipo nyumba imodzi inakhala ziwiri. Mbali imodzi munalowa anamwino awiri, ndipo renti yao ndiyo ikulipira basi ya ku Lusaka. Kabuku kaja anakaika pansi pa sutikesi, natsitsa mtengo, napentanso malemba a pakhoma itayandikira nyengo yogulitsa mbeu. Wogula mbeu wina wa ku Sinda wabwera kale kawiri, ulendo waciwiri ndi mkazi wake, ndipo anapempha kulipira theka tsopano, theka linalo akagulitsa za caka camawa. Mkuluyo, podziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, anayankha kuti taitolo idzakhala kwa loya ku Chipata mpaka ngwee yotsiriza italowa. Wogulayo anati akayambe waganiza, ndipo ali pa cipata kutsazika, mkazi wake anabwerera m'nyumba kukayeza khichini ndi mapazi.