Nkhata za Maluwa: Tigule ku Lilongwe kapena Tibzale Tokha?



Fodya akakula nayamba kuphuka, mlimi ayenda m'munda mwace nadula maluwa onse, nawataya pansi, kuti mphamvu ya mtengo ipite ku masamba. Acita bwino, pakuti fodya afuna cotero. Koma ndiyesa kuti cizolowezi cimeneci catilowa mumtima, kotero kuti ambiri a ife tiona duwa liri lonse ngati cinthu cotaya. Mwamuna akapeza mkazi wace alikuthirira maluwa pakhomo, amfunsa kuti, Kodi amenewo tidzadyera nsima? Ndipo mwamuna yemweyo, tsiku limene maliro agwa pakhomo pace, atulutsa ndalama za fodya nagula nkhata ya pulasitiki pa boma, kapena aitanitsa ya maluwa enieni ku Lilongwe. Za ici ndifuna kukamba nanu.

Caka catha, mwezi wa October, tinataya mlamu wanga. Mwana wace wamkulu ali pa nchito ku Johannesburg, ndipo sanakhoze kubwera. Pofuna kuti dzanja lace lioneke pa manda a atate wace, anatumiza ndalama kwa mbale wina wa ku Lilongwe kuti agule nkhata yokongola. Nkhatayo inakwera minibasi, ulendo wa makilomita ngati 130 pa mseu wa M1, dzuwa liri kuswa mtengo. Minibasi inaima pa Mponela kudikira anthu, inaimanso pa Madisi. Pamene nkhata inafika m'mudzi, ife tinali titafotsera kale, ndi adzukulu analikusamba m'manja. Maluwa ace anali atazyolika ngati nkhwani wotsala pa msika madzulo. Tinaiika pamtumbira cifukwa ca ulemu wa mwanayo, koma zimene zinakometsa manda tsiku lija ndi nkhata zinai zimene amai a m'mudzi anapinda m'mawa ndi timitengo ndi luzi, namangapo maluwa a bougainvillea othyola pa mpanda wa mnansi wathu. Zimenezo sizinadye ndalama iri yonse. Mwanayo sanacimwe ai. Anasowa munthu wa kwao womtumira mau.

Bvuto limeneli anthu a ku America analiona kale. M'caka ca 1910 ogulitsa maluwa a m'midzi yosiyanasiyana anapangana napanga bungwe lochedwa Florists' Telegraph Delivery. Nzeru yao inali iyi: munthu akafuna kupereka maluwa kwa mbale wace wokhala kutali, maluwawo asayende pa njanji masiku awiri ndi kufota panjira, mau okha ayende pa lamya, ndipo wogulitsa wa m'mudzi wa mbaleyo adule maluwa ace atsopano nawapereke pakhomo. Kumwera kwa dziko limenelo, ku Virginia ndi ku North Carolina, kumene kunacokera mtundu wa fodya wofukiza m'mabalani amene esiteti za kuno zakhala zikulima, timatauni tating'ono tambiri tiri ndi wogulitsa maluwa wace, wodziwa banja liri lonse ndi manda ali onse. M'midzi yina ya kumeneko ali ndi tsiku limene alichula Decoration Day, pamene mabanja asonkhana kulambula kumanda, kuikako maluwa, ndi kudyera pamodzi. Amene analambulapo kumanda kwa makolo ace sadzazizwa nazo.

Tsono taonani, lamya ija lero iri m'thumba la munthu ali yense. Mwana wa ku Joni, kapena wa ku Blantyre, akhoza kuimba foni ndi kutumiza ndalama mwa Mukuru, mwa Airtel Money kapena mwa Mpamba, ndipo zifika m'mudzi dzuwa lisanapendeke. Cimene cisowa ndi mbali yacathu ya pangano: munthu wa ku Santhe, wa ku Chamama, wa ku Nkhamenya kapena wa ku Mtunthama amene ali ndi maluwa pakhomo nthawi zonse, wodziwa kupinda nkhata, ndi njinga yoperekera. Cifukwa cace nditi: banja liri lonse lokhala ndi citsime kapena dimba lipatule kamalo ka maluwa, ndipo mwini banja asatonze amene akasamala.

Ndidziwa cimene akulu ena adzandiyankha, ndipo ndi mau olemera. Adzati, Maliro n'kulirana. Kodi tiyambe kucita malonda pa misozi ya mnansi? Iai, abale, ndipo amene adzacita cotero adzadziika yekha kunja kwa mudzi. Maliro akagwa pa mudzi wanu, kapena pa mpingo wanu, maluwa apite monga mupita ufa ndi nkhuni, opanda mtengo. Tsiku lanu lidzafikanso. Koma wocokera kutali amene wabwera ndi ndalama m'manja kufuna nkhata yaceyace, anzace a kunchito a womwalirayo, a sukulu, a maofesi a pa boma, amenewo adzagula ndithu, kwa inu kapena kwa wina. Ngati sagula kwa inu, ndalamayo ipita ku Lilongwe, kapena kwa opanga pulasitiki a kunja kwa dziko lino. Ndipo pulasitikiyo sivunda. Pitani kumanda kuli konse pakutha pa mvula, mudzaona zidutswa zace zotumbuluka zitakodwa m'maudzu, zina mphepo itaziulutsira m'minda. Duwa lenileni lifota nilibwerera kudothi pamodzi ndi amene tinamuika.

Si maliro okha afuna maluwa. Maukwati ndi zinkhoswe zicuruka m'miyezi ya cilimwe, pamene ndalama za ku okushoni ya Chinkhoma zalowa m'midzi, ndiyo nyengo yomwe chire lauma ndi maluwa a kuthengo palibe. Amene ali ndi madzi mwezi wa August ali ndi malonda.

Za kabzalidwe ndinene zimene ndaona. Bougainvillea ndiye woyamba. Abzalidwa ndi nthambi zodula, apirira cilala akagwira, acita maluwa ambiri m'nyengo youma, ndipo minga yace ichinga mbuzi. Mpanda umodzi ukhoza kutumikira mudzi zaka zambiri. Frangipani nayenso amera ndi nthambi, koma muiumitse bala lace masiku angapo musanaizike, kuti ingavunde. Deliya, amene ambiri amdziwa ngati manyowa obiriwira, apatsa maluwa acikasu pakutha pa mvula. Mpendadzuwa muli naye kale m'minda. Pa maluwa ofesa, ndiyamikira marigold koposa onse, pa cifukwa cimene mlimi wa fodya adzacimvetsa msanga. Mudziwa tinyongolotsi tija tosaoneka ndi maso, timene titupitsa mizu ya fodya ndi ya matimati. Mizu ya marigold siticereza bwino. Mukamfesa mothinana, nakhala m'nthaka miyezi iwiri kapena itatu, ticepa pamalopo. Tsono mabedi a nazale, amene akhala cabe mutaokera fodya ndi mvula yoyamba, ali kale pafupi ndi citsime, ndipo nthaka yace njofewa. Fesanipo marigold. Sindinena kuti muleke kusinthasintha malo a nazale monga alangizi akuphunzitsani. Ndinena kuti malo opuma asapume ndi udzu wokha.

Cenjerani ndi atatu awa. Petunia ndi mbale wace wa fodya, ndipo nthenda zina za fodya zimgwira iyenso, asayandikire nazale. Lantana, citsamba ca timaluwa tosakaniza cikasu ndi kufiira, afalikira ngati moto nadwalitsa ng'ombe zikamudya. Oleander ali ndi ululu m'masamba ndi m'maluwa momwe, wosayenera pabwalo posewera ana. Ndiponso mankhwala otsala a fodya musawazire maluwa amene amai adzawagwira ndi manja ndi ana adzawanunkhiza.

Wina pakumva izi angayambe kulota za ku Kenya, kumene maluwa olimidwa m'mbali mwa nyanja ya Naivasha akwera ndege usiku nakagulitsidwa ku Aalsmeer m'dziko la Holland. Kumeneko kuli nyumba zazikuru zobzalamo, zipinda zozizira ndi bwalo la ndege pafupi. Ife tiribe zimenezo, ndipo sindikuuzani kuti mugwetse cigafa canu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene anaona njala ya 2002 m'dziko lino la Kasungu safuna munthu womuuza kuti cimanga ciyambe. Ndinena za mizere isanu kapena khumi, yosalanda malo a ndiwo, imene ndalama yace ibwera pang'onopang'ono caka conse, ya mcere, ya sopo ndi ya makope a ana, m'miyezi imene fodya sanayambe kulipira.

Pano ndiri ndi mau kwa amuna anzanga, ndipo muwalandire mopanda mkwiyo. Nchito imeneyi adzaigwira makamaka amai ndi asungwana. Ndalama ya mabelo tidziwa tonse thumba limene imalowa. Ya maluwa muileke m'manja mwa amene anatunga madziwo. Mukailanda, caka camawa padzamera cisoso.

Kupereka ndiko kumene malonda awa aimirira kapena kugwa. Maluwa adulidwe m'bandakuca, mame asanaume, ndi mpeni wakuthwa, ndipo alowe m'ndowa ya madzi pomwepo. Masamba a kunsi, amene angamire m'madzi, muwacotse, pakuti avunda msanga naononga madzi. Ndowa ikhale pamthunzi. Nkhata ipindidwe tsiku lomwelo la kuika maliro, osati dzulo lace, niikidwe m'lichero kapena m'dengu, nifundidwe ciguduli conyowa. Mnyamata wa njinga anyamuke dzuwa lisanakwere, ndipo musalandire ulendo wopitirira ola limodzi kapena awiri. Wakutali mumuuze dzina la wolima wina wa kufupi ndi kumene maluwa apita, ndipo iyenso adzakutumizirani ace. Pa foni funsani zinthu zitatu musanadule kanthu: mudzi ndi mfumu yace, nthawi imene mwambo uyamba, ndi mau olemba pa kapepala ka nkhata, pakuti woitana nkhata pamanda awerenga dzina la wopereka pamaso pa anthu onse, ndipo dzina lolakwa licititsa manyazi banja lonse. Ndalama mulandire maluwa atafika, mwini atamva kwa abale ace kuti nkhata yace yaikidwa.

Nthambi za bougainvillea muzizike m'timatumba tsopano, pamthunzi pafupi ndi nazale, kuti pothirira fodya muthirire zonse pamodzi, ndipo mvula ikakhazikika mudzaziokere ku mpanda.