Za Mau Ang'ono Amene Amanga ndi Kumasula



Mwezi uno tifuna kulankhula ndi iwo amene aphunzitsa akulu Chingerezi madzulo, kuyambira ku Nambuma ndi ku Mtengowanthenga kufikira ku mapiri a ku Mpherere. Koma otsalanu mverani inunso, pakuti nkhaniyi ikhudza nkhokwe ya banja lililonse. M'Chingerezi muli mau ang'onoang'ono amene aima patsogolo pa mneni, ndiwo "can", "may", "must", "shall" ndi "will", pamodzi ndi abale ao "could", "might", "should" ndi "would". Mau amenewa satchula chinthu chooneka ndi maso monga khasu kapena mbuzi iai. Nchito yao ndiyo kuuza womva ngati chinthu nchotheka, nchololedwa, kapena nchokakamiza. Motero aonetsa yemwe ali ndi mphamvu pakati pa anthu awiri opangana.

Tiyerekeze mlimi wa fodya wa ku Mponela amene walandira feteleza ndi mbeu pa ngongole, nasayina pepala lolembedwa m'Chingerezi. Pa mzere wina, pambuyo pa dzina la mlimi, alembapo "shall". Pa mzere wina, pambuyo pa dzina la wogula, alembapo "may". Kwa wosadziwa, mizere iwiriyi ifanana ngati mapasa. Koma woyambawo umanga mlimi ndi luzi: adzapereka fodya wake, afune asafune. Wachiwiriwo usiyira wogula khomo lotseguka: angagule, angalekenso, ndipo palibe mlandu. Nchomvetsa chisoni kuti munthu azindikire zimenezi mabelo ali kale pa msika wa ku Kanengo. Akatswiri a zinenero atiuza kuti kalekale "shall" lidali liu la ngongole, lonena za chimene munthu ayenera kubweza; "can" lidali kunena kudziwa, ndipo "will" lidali kunena kufuna. Mlimi akamva kuti "shall" ndi mwana wa ngongole, sadzaliiwalanso.

Tsono aphunzitsi ambiri ayamba ndi kulemba mau onse asanu ndi anai pa bolodi, nauza agogo a anthu kuti awaloweze ngati ana a Sitandade 3. Ife njira imeneyi sitiivomera. Munthu wa imvi adaweruzapo milandu, adapemphapo munda kwa mfumu, adalangizapo ana ake. Kulamula, kupempha ndi kuchenjeza azidziwa kuposa mphunzitsi wake. Yambani ndi chinenero chake chomwe. Muonetseni kachidutswa kaja ka "nga" kamene akanena tsiku ndi tsiku osakaona. Akaima pakhomo nati, "Ndingalowe?" ndiye kuti apempha chilolezo. Akayang'ana mitambo ya pa phiri la Ntchisi nati, "Mvula ingagwe lero," anena chimene chingachitike. Akati, "Thumba ili ndingalinyamule ndekha," anena za mphamvu zake. Nchito zitatu, kachidutswa kamodzi. Koma Mngerezi adazigawira "may", "might" ndi "can". Wophunzira akaona zimenezi mantha amchoka, chifukwa azindikira kuti maganizowo ali nao kale, chomsowa ndi malaya ao achilendo basi.

Povuta penipeni ndi pa "kuyenera". Ife titi "muyenera" kwa munthu womlamula, titinso "muyenera" kwa munthu wompatsa uphungu, ndipo kusiyana kwake kumveka pa kakwezedwe ka mau ndi pa nkhope. Pepala lilibe nkhope. Chifukwa chake Chingerezi chiika "must" pa lamulo ndi "should" pa uphungu. Pokana mpamene ambiri apunthwa: "must not" ndiko kuletsa kotheratu, monga pa botolo la mankhwala osayenera kupatsa mwana, koma "need not" kapena "do not have to" ndiko kumasula, kunena kuti palibe chokakamiza. Mayi wosokoneza ziwirizi angamwetse mwana choletsedwa, kapena angaope chinthu chimene palibe adamletsa. Apa mphunzitsi akhalepo masabata awiri ngakhale atatu, osathamanga.

Palinso nkhani ya ulemu, imene iwawa kwambiri ana athu opita ku Joni. Ife polemekeza munthu titi "inu", tionjezanso "ko": "Mundithandizeko, bambo." Chingerezi cha masiku ano chili ndi "you" mmodzi yekha wa mfumu ndi wa mwana, kotero ulemu wake wambiri udakabisala mu "could", "would" ndi "may". Mnyamata woleredwa bwino, pofuna kunena kuti malipiro ake ayenera kuperekedwa, ayamba ndi "You must", ndipo bwana amva ngati wanchito amlamula. Mwano sudali mumtima mwake konse, komabe nchito imthera pomwepo.

Sitili tokha pa vuto limeneli. Ku Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, kumene kale kudali ndende ya akaidi a ndale, kudatsegulidwa msasa wa anthu othawa nkhondo m'chaka cha 1994, ndipo anthu ake adapitirira 50,000, ochuluka a iwo ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Bungwe la Ajezuwiti lotumikira othawa kwao lathandiza pa maphunziro kumeneko zaka zambiri, ndipo akulu ambiri aphunzira Chingerezi. Wodziwa Chifalansa apunthwa pa mwala womwe uja tipunthwapo ife, pakuti liu lake limodzi, "pouvoir", lisenza kutha ndi kuloledwa komwe.

Malamulo a kalembedwe ngochepa, ndipo atha madzulo amodzi: mau awa salandira "s" kumapeto ngakhale tinena za munthu mmodzi, satsatidwa ndi "to", ndipo pofunsa funso angolumphira kutsogolo okha osaitana "do".

Pa msonkhano wotsatira uzani ophunzira abwere ndi mapepala enieni a m'nyumba mwao: la ngongole ya zipangizo, la pa botolo la mankhwala, kalata ya ku sukulu ya mwana. Aliyense atenge pensulo, azunguliza "shall", "must" ndi "may" paliponse awapeza, ndipo pa liu lililonse anene mokweza m'Chichewa kuti womangidwa ndani, womasuka ndani. Amene pepala lake sadasayine ayambe ndiye kuwerenga.