Za Zithunzithunzi Zoyenda Zimene Zinatayika

Akristu anzathu a m'mbali mwa nyanja, mwezi uno tikambe za cinthu cimene makolo anaona ndi maso ao, koma ife sitikhoza kuciona.

M'caka ca 1935 azungu awiri, Bwana Notcutt ndi Bwana Latham, anamanga msasa pa Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, nayamba kujambula zithunzithunzi zoyenda, osewera ace anthu akuda. Anawatuma ndi a International Missionary Council, ndiwo a mipingo ina, si a Eklezia wathu ai. Komatu nchito yabwino sitiikana cifukwa ca mwini wace. Pofika 1937 anali atapanga zithunzi 35. Izo zokha sizinali kulankhula: mau anali pa mbale za galamafoni, m'zinenero zingapo, Cinyanja comwe. Anazinyamula pa lole, naziwonetsa usiku pabwalo ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia, ndi m'dziko lathu lino, pamene linali kuchedwa Nyasaland.

Cimodzi cinali sewero lochedwa Post Office Savings Bank. Anthu awiri alandira malipiro ao. Wina apita nao ku positi. Mnzace akumba pansi m'nyumba mwace, nakwirira ndalamazo, ndipo mbala idza nizifukula. Kodi alipo mwa ife, asodzi ndi olima mpunga, wosadziwa munthu wotere? Ife tidziwa angapo, koma maina ao tiwasunga.

Mwa zithunzi 35 zija zatsala zitatu zokha, ndizo zisungidwa ndi British Film Institute ku England: ca njoka za m'mimba, ca ophunzira kuciza ziweto, ndi ca minda ya ku Kingolwira. Masewero onse anatayika. Nthano ya mbala sitiilira, pakuti agogo ali nazo zoposa iyo. Cotiwawa ndico nkhope zija: anthu a mtundu wathu akuyenda, akuseka, akubvala monga anabvalira masiku amenewo. Mkuyu wa pano pa Nkhotakota, umene Livingstone anakomana pansi pace ndi Jumbe m'caka ca 1863, ukali ciimire. Koma zithunzi zobadwa zaka 72 pambuyo pace palibenso.

Tisataye mtima msanga. M'caka ca 1928 Carl Dreyer anapanga cithunzi cosalankhula ca masautso a Jeanne d'Arc woyera, ndipo caka comweco coyambaco cinapsa ndi moto ku Berlin. Anthu anayesa kuti capita ndithu. Koma mu 1981 kope lathunthu linapezeka m'kacipinda kosungira katundu, m'cipatala ca odwala misala kufupi ndi Oslo, ku Norway.

Cifukwa cace tipempha eni nyumba kuti atsegule mabokosi a makolo, cinyezi ca kunyanja kuno ndi ciswe zisanatsirize nchito yao. Amene apeza zithunzi zakale, kapena makalata a ubatizo ndi a ukwati, asazipukute ndi madzi, ndiponso asaziyanike padzuwa. Azikulunge m'nsaru youma, nabwere nazo Lamulungu itatha Misa, kuti nkhalamba zitiuze maina a anthuwo, ife tilembe kuseri kwace ndi pensulo.