Mayina awiri, mankhwala amodzi

Mwezi wathawu ndidapita kukaona azakhali anga kumudzi, kufupi ndi kuno ku Namitete. Anali atadwala kwa masiku atatu: mutu, kuphwanya m'thupi ndi chimfine. Ndidawapeza ali chigonere pamphasa, pambali pawo pali mbale yakale momwe amasungiramo mankhwala.

"Azakhali, mwa onsewa mukumwa ati?" ndidafunsa.

"Onse, mwana wanga. Awa am'kathumbawa ndi akuchipatala, awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo. Koma mutu sukusiya, ndiye ndatuma mwana kuokala kukagula Panado. Nayenso ndikumwa awiri katatu."

Nditayang'ana pa kathumba kakuchipatala kaja ndidaona kuti padalembedwa ndi bolopeni kuti paracetamol. Nditatembenuza kapepala ka Panado, m'malemba ang'onoang'ono munalinso liwu lomwelo. Azakhali ankaganiza kuti akumwa mitundu iwiri ya mankhwala, pomwe ankamwa mtundu umodzi kawiri: mapiritsi 12 patsiku. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 a 500mg pa maola 24. Tidapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo pano ali bwino. Koma ine sindidagone usiku umenewo, poganiza nyumba zina zomwe zili ndi mbale ngati imeneyi.

Nkhani yake ili chonchi. Mankhwala ambiri ali ndi mayina awiri. Loyamba ndi dzina la malonda, lomwe kampani imalemba m'malemba akuluakulu kuti tiziligwira msanga. Lachiwiri ndi dzina lenileni la chomwe chili m'piritsimo, ndipo nthawi zambiri limakhala m'malemba ang'ono, pafupi ndi nambala yothera ndi mg. Thupi lanu silidziwa dzina la malonda. Limangolandira chomwe chili mkatimo.

Paracetamol ndi mankhwala abwino ndithu akamwedwa pamlingo wake. Amachepetsa ululu ndi kutentha thupi. Wamkulu amamwa piritsi limodzi kapena awiri, n'kudikira maola osachepera anayi asanamwenso. Koma akachuluka amawononga chiwindi, ndipo choopsa chake n'chakuti tsiku loyamba munthu atha kungomva nseru pang'ono, kapena osamva kalikonse. Pofika poti maso achita chikasu, chiwindi chimakhala chitavulala kale. Mankhwala oteteza chiwindi alipo, koma amathandiza kwambiri akaperekedwa m'maola 8 oyambirira. Choncho mukazindikira kuti wina wapyola mlingo, musadikire zizindikiro. Nyamukani, ndipo mutenge mapaketi onse kuti adokotala akaone okha. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine amakhala ndi paracetamol mkati, osakanizidwa ndi zina. Nawonso awerengereni pamodzi.

Pali mayina ena omwe ndi bwino banja lililonse liwadziwe.

Amene timawatcha Bufeni dzina lawo lenileni ndi ibuprofen, ndipo Indosidi ndi indomethacin. Awiriwa pamodzi ndi aspirin ndi a banja limodzi. Onse amatha kukanda m'mimba mpaka kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi, komanso amalemetsa impso. Kumwa awiri a banja limeneli nthawi imodzi kumangochulukitsa ngoziyo. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, kapena mayi woyembekezera, asamwe asanafunse kuchipatala. Aspirin sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16 pokhapokha adokotala atalamula.

Bactrim ndi cotrimoxazole ndi chinthu chimodzinso. Abale athu ambiri amene ali pa ma ARV amalandira cotrimoxazole woti azimwa tsiku lililonse. Wotereyu akatsegula m'mimba n'kukagula Bactrim, ndiye kuti wabwereza zomwe akumwa kale. Mankhwala amenewa ndi a gulu la sulfa, momwe mulinso Fansidar, yemwe kusikelo amamutcha SP. N'chifukwa chake mayi woyembekezera amene akumwa cotrimoxazole sapatsidwanso SP, ndipo ayenera kuwauza anamwino zonse zomwe akumwa.

Nanga LA? Zilembo ziwirizi zikuimira lumefantrine ndi artemether, ndipo pa bokosi lina mupeza palembedwa Coartem. Dziko lathu lidasiya chloroquine mu 1993 chifukwa tizilombo ta malungo tidali titamuzolowera, n'kuyamba SP. Mu 2007 SP nayenso adalowedwa m'malo ndi LA. Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti mankhwala amatha mphamvu. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo kwa wamkulu onse pamodzi ndi mapiritsi 24. Kusiyira panjira kuti otsalawo musungire mwana akadzadwala ndi kudzinyenga: inu simuchira bwino, ndipo mwanayo mlingo wake umatengera sikelo yake, atayezedwa kaye magazi.

Mwina wina anena kuti, "Ife sitidapite patali ndi sukulu, mayina achingereziwa tiwatha bwanji?" Simukufunika kuwatchula bwino. Ingoyerekezani zilembo za pa paketi iyi ndi za pa inayo, monga timachitira poyerekeza manambala a pa thumba la feteleza tisanagule. Ngati maso akuvuta, itanani mdzukulu wa Sitandade 6 akuwerengereni. Pomwepo aonenso pamene palembedwa EXP, pomwe pamasonyeza mwezi ndi chaka chomwe mankhwalawo athere ntchito.

Kalekale ndinkasilira anthu okhala ndi mabuku akuluakulu ofotokoza chilichonse. Pa nkhani ya mankhwala, buku la David Werner lotchedwa Where There Is No Doctor lathandiza anthu akumidzi m'mayiko ambiri, ndipo masamba ake obiriwira akumapeto amandandalika mankhwala potsata mayina awo enieni. Amene muli nalo, lisamaleni. Koma ngakhale mulibe, mutha kupanga lanu. Kwathu tidagula kope wamba la ana asukulu. Mankhwala aliwonse akalowa m'nyumba timalemba zinthu zisanu: dzina lenileni, nambala ya mg, mwini wake, kamwedwe kake, ndi tsiku lomwe talandira. Popita kuchipatala kopeli limapita limodzi ndi buku lakuchipatala.

Njira imeneyi ili ndi lamulo limodzi: chopanda dzina chisakhale m'nyumba. Mapiritsi oyera amafanana, ndipo akangochoka m'paketi mwake palibe angawasiyanitse. Musagule mapiritsi ongokulungidwa m'kapepala, kapena owanikidwa padzuwa tsiku la msika. M'dziko muno bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala, ndipo si mwano kufunsa wogulitsa ngati ali nacho. Lamulo lomweli likhudzenso parafini ndi mankhwala a mbewu. Zikathiridwa m'botolo la zakumwa, mwana amaona botolo lokhalo. Zikachitika kuti wamwa parafini, musamusanzitse, chifukwa amalowa m'mapapo. Thamangani naye kuchipatala.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pawindo lolandirira mankhwala, kaya ku St Gabriel's kaya ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, mzere umakhala wautali ndipo timachita manyazi kuchedwetsa anzathu. Komabe funso ili silitenga mphindi: "Kodi dzina lenileni la mankhwalawa ndi chiyani, ndipo ndingamwe pamodzi ndi awa ndili nawo kunyumba?" Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu nawonso angakuthandizeni.

Sabata yatha ndidadutsanso kwa azakhali. Mbale ija adaikamo mtedza. Mankhwala ali m'chitini chotseka pamwamba pa kabati, ndipo kope lawo akulemba ndi mdzukulu wawo. Madzulo ano, mukatha kudya, tsitsani mbale yanu nanunso, muwerenge malemba ang'onoang'ono aja.