Chisangalalo sichikhala m'botolo mokha

Akonzi,

Ndikutsutsa zimene analemba bambo wina m'nyuzipepala yanu sabata yatha, zoti munthu wosamwa mowa sangapumule maganizo ndipo phwando lopanda mowa ndi maliro. Bambo inu, mwasokeretsa achinyamata.

Pitani kumene amayi akuvina chimtali, kapena kumene anyamata a malipenga akuguba ku Nkhata Bay. Thukuta lili kamukamu, nthungululu zili pokopoko, ambiri a iwo atangomwa thobwa basi. Munthu akavina, akathamanga kapena akaseka kwambiri, thupi limatulutsa lokha ma endorphin amene amachepetsa ululu ndi kusangalatsa mtima. Bawo pansi pa mtengo wa mango, kwaya ndi mpira wa madzulo zimachotsa nkhawa popanda matsire kapena ngongole ya kumowa.

Mowa umagonetsa msanga, inde, koma umasokoneza tulo usiku ukamapita, ndipo nkhawa ija imadzuka nanu m'mawa. Zambia inaletsa mowa wa m'masacheti wotchedwa tujilijili mu 2012, ifenso ku Malawi tinaletsa masacheti, chifukwa ana asukulu ankatha nawo.

Akonzi, tipatseni masamba ophunzitsa ana athu kusangalala ali bwinobwino.

Wowerenga wanu,
Dedza