Mlendo wanuyo ndiye anaima pamzere

Ana anga amene muli ku Joni, ndilankhule nanu za alendo ochoka kumudzi. Mayi, malume kapena alamu akakwera basi pa Wenela, n'kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, amafika miyendo itatupa, atasenza ufa woyera, usipa ndi mpunga wa kilombero. Kulandira mumatha, sindikutsutsani. Mumagona pansi kuti mayi agone pabedi, mumapempha tchuthi kwa abwana kuti mukawachingamire ku Park Station. Chibale ndi fupa, sichiola.

Koma nkhanga zinapangana kusanache. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 ku South Africa, ndipo wopyola masikuwo amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo. Gwirizanani za tsiku lobwerera mlendo asananyamuke. Muwauzenso poyera za lendi, za magetsi ndi za maola amene mumagwira ntchito, asamaganize kuti ndalama kumeneko mumangotola.

Chimene chandilembetsa ndi chimene chimachitika nsima ikatha. Nkhani imakhotera ku ndale, ndipo mwini nyumba ndiye amasanduka mphunzitsi. Mwaonera pa Facebook, mwamvera mawu a pa WhatsApp, tsono mukuwauza amalume kuti a kumudzi sadziwa kuvota, amagulidwa ndi nsalu ndi shuga. Ana inu, mawu amenewo amapweteka. Munthu amene mukumuphunzitsayo ndiye anagona pa filing'i siteshoni kudikira petulo. Ndiye anakagula thumba la feteleza mtengo utapyola K100,000. Ngati ali wa ku Phalombe, Mulanje kapena ku Chilobwe, anaika maliro a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 inu mukuonera pa foni.

Kumbukiraninso Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Randi imene munatumiza pa Mukuru inabala makwacha ambiri, ena mwa inu munafulumiza kumanga nyumba. Mlongo wanu mphunzitsi, malipiro ake anangosungunuka m'manja. Simunalakwe, koma tsiku lomwelo linakugwerani mosiyana, ndipo poweruza boma simungayambire pamodzi. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mufunseni kuti kuchipatala mankhwala alimo, makuponi anafika kwa yani, phungu anaonekera liti chipambanireni. Kenako khalani chete ayankhe.

Za kunyoza ovota, ndikukanirani. Anthu omwewo ndi amene anaguba m'misewu mu 2019 mpaka khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Anachotsa Peter Mutharika mu Juni chaka chomwecho, naika Lazarus Chakwera. Pa 16 Sepitembala 2025 anachotsanso Chakwera, nabweza Mutharika. Mukhoza kusagwirizana nawo, ndi ufulu wanu, koma amenewa si anthu ogona tulo. Ndipo poti voti siponyedwa kunja kwa dziko, ambiri mwa inu chala sichinadetsedwe ndi inki.

Sindikuti mutseke pakamwa. Mwaona momwe ena amayendetsera zinthu, ndipo ndalama zanu zikuphunzitsa ana ambiri. Lankhulani, koma ngati mwana wa pakhomo, makamaka ana anu obadwira ku Johannesburg akamamvera. Akamva tsiku ndi tsiku kuti Malawi ndi dziko lotembereredwa, mudzawatengera bwanji kumudzi? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo ngati inu muli a chipani china, alamu a china, musafike pomanana moni m'nyumba ya chipinda chimodzi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku 30 ndi ochepa kuti awiri athere m'kunyanyalitsana chifukwa cha anthu amene sadziwa n'komwe maina anu.

Tsiku lowaperekeza, musanawagulire mabulangete ndi mapoto, afunseni chimene chasowa kwenikweni pakhomo chaka chino. Mwina adzati mbewu, mwina fizi, mwina malata awiri okha.